Pamene Phiri Ali Fisi: Mawu Ofanana Kalembedwe, Osiyana Kochokera

Ku Soweto, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Johannesburg, kuli dera lotchedwa Phiri. Mmalawi kapena Mzambia wongofika kumene ku Joni akaona dzinali pachikwangwani, mtima umakhala pansi. Amati basi, abale anafika kale kuno. Mwina mmodzi mwa makolo aja ankapita kumigodi pa Wenela anatchuka mpaka dera lathunthu kutengera chiwongo chake. Ganizolo ndi lokoma, koma si zoona. Derali linakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1950, nthawi imene boma la tsankho linkagawa anthu akuda m'makomboni motengera zinenero zawo. Phiri, pamodzi ndi Naledi, Mapetla, Tladi ndi Moletsane, anaikidwa kuti muzikhala olankhula Chisutu ndi Chitswana. M'zinenero ziwirizi liwu lakuti "phiri" silinena za Mulanje kapena Dedza ayi. Limatanthauza fisi.

Zilembo ndi zisanu zomwezo, zondondozana chimodzimodzi, ndipo ngakhale pakamwa mawuwa samveka mosiyana kwenikweni. Komabe sali pachibale. Chosangalatsa n'chakuti "phiri" wa Asutu ali naye m'bale wake weniweni m'Chichewa, ndipo m'baleyo ndi "fisi". Aswahili nawo amati "fisi", Azulu amati "impisi". Akatswiri a zinenero amati mawu onsewa anachokera ku liwu limodzi lakale, lomwe amalilemba kuti "piti", la makolo a anthu olankhula zinenero za Chibantu asanabalalike.

Wina afunsa, adziwa bwanji, popeza makolo amenewo sanasiye kalata kapena buku? Yankho lili m'kusintha kwa mamvekedwe, komwe sikuchitika mwachisawawa. Pamene Mchewa ali ndi "t", Mtswana kawirikawiri amakhala ndi "r": Mchewa amati "-tatu", Mtswana "-raro", Mchewa amati "tuma", Mtswana "roma". Pamene Mchewa ali ndi "si", Mtswana nthawi zambiri amakhala ndi "ri": kuno kuli nyengo ya "masika", uko kuli "mariga", nyengo yozizira. Munthu akaika "fisi" ndi "phiri" pamzere umenewu, amaona kuti akukwana bwinobwino. Ntchito yofananitsa mawu motere anaiyala maziko ndi Carl Meinhof wa ku Germany m'buku lake la 1899, ndipo Malcolm Guthrie wa ku London anaikulitsa m'mabuku anayi omwe anatuluka kuyambira 1967 mpaka 1971.

Nkhani yonse yagona pamenepa. Diso limathamangira kufanana kwa zilembo, pamene ubale wa mawu umaoneka m'ndondomeko yobwerezabwereza, ndipo nthawi zambiri abale enieni sakhala ofanana nkhope.

Kufanana kwa mwangozi n'kosapeweka, ndipo masamu ake ndi a pulayimale. Padziko pali zinenero pafupifupi 7,000, chilichonse chili ndi mawu zikwizikwi. Pakamwa pa munthu pamatuluka mamvekedwe owerengeka chabe. Chinenero chokhala ndi makonsonanti 20 ndi mavawelo 5 chingapange maphatikizo 100 a mtundu wa "ba", "mo", "ti", ndipo kuwalumikiza awiriawiri kumangopereka mawu 10,000. Zinenero zambirimbiri zikutola mawu awo aafupi m'nkhokwe yaing'ono yomweyi. Kuwonjezera apo, zambiri mwa izo zimalembedwa ndi alifabeti ya Chilatini ya zilembo 26. Zili ngati paukwati pamene anthu ambiri asoketsa chitenje chimodzi: si onse ovala yunifolomuyo amene ali akuchimuna kapena akuchikazi, ena angogula nsaluyo poti yawasangalatsa.

Zilembozo nazonso sizigwira ntchito mofanana kulikonse. Kwa Mchewa "ph" ndi "p" wotuluka ndi mpweya, kwa Mngelezi ndi "f", n'chifukwa chake a Phiri ambiri ku Britain azolowera kuitanidwa kuti "Firi" kuchipatala ndi kubanki. Chilembo cha "c" ku Zambia chimaimira "ch" wa ku Malawi, m'Chizulu ndi m'Chixhosa n'kuphanitsa lilime kumano, ku Turkey chimamveka ngati "j". Motero kufanana kochuluka kumathera papepala pomwepo. Liwu lolembedwa kuti "pain" m'Chingelezi ndi ululu, lochokera ku Chilatini "poena", chilango. M'Chifalansa ndi buledi, lochokera ku "panis", ndipo Mfalansa akalitchula Mngelezi sangalizindikire. "Air" ku London ndi mpweya, ku Jakarta ndi ku Kuala Lumpur ndi madzi, ndipo kumeneko amalitchula m'maphatikizo awiri.

Nthawi zina mwangozimo mumafanana zonse, kalembedwe ndi tanthauzo lomwe. M'zaka za m'ma 1960 katswiri wina, R. M. W. Dixon, ankafufuza chinenero cha Mbabaram kumpoto kwa Queensland ku Australia, chomwe chinali chitatsala ndi ochilankhula ochepa kwambiri. Atafunsa wokalamba wina dzina la galu, anamuyankha kuti "dog". Aliyense akanaganiza kuti wokalambayo wangotola Chingelezi. Koma zinenero zoyandikana nacho zili ndi "gudaga" ndi "guda", ndipo Mbabaram ili ndi khalidwe lodula phatikizo loyamba ndi vawelo yomaliza m'mawu ambiri. Kuchokera pa "gudaga", potsata malamulo a chinenerocho, pamatsala "dog". Liwuli linalipo Mngelezi asanapondeko phazi ku Australia. N'chimodzimodzi "bad" wa Chiperisiya, yemwe amatanthauza choipa monga m'Chingelezi, pamene mbiri za mawu awiriwa sizikumana paliponse.

Dzina lakuti Banda lili ndi anzake ofanana nawo nkhope padziko lonse. Ku Malawi ndi ku Zambia ndi chiwongo chachikulu, cha a Hastings Kamuzu Banda ndi a Joyce Banda. Ku Indonesia kuli zilumba za Banda, zomwe kwa zaka mazana ambiri zinali malo okhawo kumene kunkachokera zokometsera zakudya zotchedwa nutmeg, chuma chimene chinachititsa kuti Adatchi, motsogozedwa ndi Jan Pieterszoon Coen, aphe ndi kuthamangitsa nzika zambiri za kumeneko mu 1621. M'dziko lomwelo muli mzinda wa Banda Aceh, umene unasesedwa ndi mafunde a tsunami pa 26 December 2004. Banda ameneyu ndi wochokera ku liwu la Chiperisiya lakuti "bandar", doko. Ku India kuli boma la Banda m'chigawo cha Uttar Pradesh. Ku Central African Republic kuli mtundu wa anthu otchedwa Banda. Kwa Mswahili "banda" ndi chisakasa, kwa Mpwitikizi ndi gulu loimba. Ndipo popeza ndalama ya ku Indonesia ndi rupiah, munthu wa ku Jakarta wowerenga nyuzi za mu 2008, pamene a Rupiah Banda ankalowa pampando wa pulezidenti wa Zambia, anali ndi ufulu wonse woganiza kuti akuwerenga tsamba la zachuma.

"Kwanza" wa ku Angola, ndalama yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1977, anatengera dzina la mtsinje wa Kwanza. "Kwanza" wa Chiswahili amatanthauza choyamba, kuchokera ku "kuanza", kuyamba, ndipo ameneyu ndiye anabala Kwanzaa, chikondwerero cha anthu akuda a ku America chimene Maulana Karenga anayambitsa mu 1966. "Moto" wa Achewa ndi wa Aswahili ndi mmodzi, wochokera kwa makolo. "Moto" wa ku Paris ndi ku Kigali ndi njinga yamoto, chidule cha "motocyclette", ndipo kuti m'dzina la Chichewa la njingayo mulinso moto, zangokumanizana.

Gulu lovuta kwambiri ndi la mawu amene alidi pachibale, koma aliyense anatenga njira yakeyake. Amenewa ndiwo amapunthwitsa anthu ophunzira bwino, chifukwa amaoneka odziwika. Afalansa awiri, Maxime Koessler ndi Jules Derocquigny, anawatcha "faux amis", abwenzi achinyengo, m'buku lawo la 1928 lochenjeza omasulira Chingelezi, ndipo dzinalo linakhazikika mpaka lero.

Chitsanzo chotchuka ndi "gift". M'Chingelezi ndi mphatso, ndipo ku Malawi kuli ana ambiri amene makolo awo anawatcha Gift ndi mtima wothokoza. M'Chijeremani "Gift" ndi poizoni, liwu lolembedwa pamabotolo a mankhwala ophera makoswe. Mawu awiriwa ndi amodzi, onse anachokera ku muzu wotanthauza kupatsa. Kale ku Germany "gift" anali chopereka basi. Kenako asing'anga, potsanzira liwu la Chigiriki lakuti "dosis", lomwenso limatanthauza chopatsidwa, anayamba kuligwiritsa ntchito ponena mlingo wa mankhwala opatsa wodwala. Kuchoka pa mlingo wa mankhwala kufika pa chiphe sipatali, makamaka pamene anthu akufuna kunena chinthu choopsa mozungulira. Tanthauzo lakale linatsalira m'liwu lakuti "Mitgift", chuma chimene mkwatibwi amapita nacho kubanja. Ku Sweden, Norway ndi Denmark zinafika poseketsa: "gift" ndi poizoni, "gift" yemweyo ndi munthu wapabanja, chifukwa kale mkazi ankachita kuperekedwa. Anthu a nthabwala kumeneko sasowa chonena.

Zinenero za Chibantu zili ndi zitsanzo zokoma kuposa izi, kungoti sizilembedwa kawirikawiri. Wamalonda wa ku Malawi akafika ku Kariakoo mu Dar es Salaam n'kumva wogulitsa akuti chinthu ichi n'cha "chuma", asaganize kuti akunena za kulemera. Akutanthauza kuti n'chachitsulo. Kwa Mshona "chuma" ndi mikanda. Chitsulo, mikanda, kulemera: akatswiri amalumikiza matanthauzo atatuwa ku muzu umodzi, ndipo aliyense wodziwa mbiri ya malonda m'chigawo chino saona chachilendo. Makasu achitsulo ndi mikanda ndizo zinali ndalama za makolo. Anthu ankasinthanitsa ndi mchere, nsalu ndi ziweto, ndipo m'mitundu yambiri ankaperekera ukwati. Mswahili anasunga chitsulocho, Mshona anasunga mikanda, Mchewa anasunga phindu lake. Liwu limodzi lotere limanena mbiri imene palibe anailemba.

"Masika" uja nayenso ali ndi nkhani yake. Kwa Mchewa ndi nthawi yokolola, mvula italekeza, ana akudya chimanga chachiwisi ndi maungu. Kwa Mswahili wa kugombe "masika" ndi nyengo ya mvula yamphamvu, kuyambira March mpaka May. Miyezi ndi yomweyo ndithu, koma kumwamba kukuchitika zosiyana, ndiye dzina linatsata miyezi n'kusiya mvula.

Mabanja a Achewa amene anakhazikika ku Zimbabwe, m'migodi ndi m'mafamu, amadziwa misampha ya Chishona kuyambira ali ana. "Kutenga" kwa Mshona ndi kugula, monganso "ukuthenga" kwa Mzulu ndi Mndebele, choncho mlendo wouzidwa pamsika wa Mbare kuti "tengai" asanyamule katunduyo n'kumapita. Msampha wokoma kwambiri ndi "kugona". M'Chishona ndi kutha kuchita chinthu, kukhala ndi luso. Mphunzitsi wa ku Harare akanena kuti mwana "anogona", akumuyamikira kuti ndi wanzeru. Kholo la Chichewa likamva zimenezo likhoza kupita kunyumba ndi mkwapulo m'maganizo, popeza kwa Achewa mwana wogona ndi wosachangamuka.

Ngakhale m'Chichewa mwenimwenimo kalembedwe kamabisa zinthu. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika amalembedwa mofanana, koma pakamwa amasiyana: woyamba amakwezedwa mawu pa "te", wachiwiri sakwezedwa. "Khungu" la pathupi ndi "khungu" la maso n'chimodzimodzi. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa saonetsa kukweza ndi kutsitsa mawu kumeneku, ndipo anachita bwino kutero, chifukwa mwini chinenero amazindikira yekha pachiganizo. Wovutika ndi mlendo wophunzira m'buku, ndi kompyuta yomasulira. Mtengo wa pamsika uja ali ndi mnzake m'Chishona, "mutengo", woyandikana ndi "kutenga" wa kugula uja.

Kubwerekana mawu kumasokonezanso mzere. "Burro" ku Italy ndi batala, wochokera ku Chilatini "butyrum". Ku Spain ndi ku Portugal "burro" ndi nyama yonyamula katundu, yochokera ku liwu lina la Chilatini lotanthauza kavalo wamng'ono. Mlendo wa ku Milan wopempha buledi ndi "burro" mu lesitilanti ya ku Maputo akupempha bulu. Ndipo "bulu" wa Chichewayu ndi "burro" wa Apwitikizi yemweyo, wolowa kudzera m'chigwa cha Zambezi pamodzi ndi "nsapato", "kalata" ndi "mbatata". Mawu obwereka amasintha maonekedwe mpaka kuoneka ngati eni mudzi, pamene ongofanana mwangozi amaoneka ngati obwereka.

Pali liwu limodzi limene anthu ambiri amalitenga ngati umboni wakuti zinenero zonse zinachokera kumodzi: "mama". Lilipo m'Chiswahili, m'Chitchaina, m'Chirasha, m'zinenero za ku South America. Koma ku Georgia, dziko la kumapiri a Caucasus, "mama" ndi bambo, ndipo mayi ndi "deda". M'Chihindi "mama" ndi malume. "Dada" kwa Mtumbuka ndi bambo, kwa Mswahili ndi mlongo wamkazi, kwa Mhindi ndi agogo aamuna a kwa bambo. Roman Jakobson anafotokoza chifukwa chake m'nkhani yake ya 1960. Khanda likamayamba kuyesa pakamwa, chophweka kwambiri n'kutseka ndi kutsegula milomo, ndiye mumatuluka "ma", "ba", "pa", kenako "da" ndi "ta". Khandalo silikuitana munthu, likungosewera. Akuluakulu ndiwo amalimbirana kuti waitana ine, ndipo mtundu uliwonse unagamula mlanduwo mwanjira yake. Mawu amenewa amabadwa mwatsopano m'nyumba iliyonse yomwe muli mwana, n'chifukwa chake akatswiri sawawerengera akamafufuza ubale wa zinenero.

Zonsezi zikanakhala zocheza chabe zikanakhala kuti sizikhudza ndalama ndi moyo. Liwu lakuti "billion" m'Chingelezi cha lero ndi 1,000,000,000. M'Chijeremani ndi m'Chifalansa liwu lolembedwa chimodzimodzi ndi 1,000,000,000,000, kuchulukitsa ka 1,000. Nambala ya Angelezi ija iwo amaitcha "Milliarde" ndi "milliard". Britain nayenso ankawerenga ngati anzake a ku Ulaya mpaka mu 1974, pamene boma la Harold Wilson linalengeza kuti lizitsata kawerengedwe ka ku America. Mtolankhani womasulira nkhani ya ngongole kuchokera m'nyuzi ya ku Berlin akangokopera liwulo mmene lilili, wakulitsa ngongoleyo ka 1,000.

Ku Florida mu 1980 mnyamata wa zaka 18, wa banja lolankhula Chisipanishi, anafika naye kuchipatala ali chikomokere. Abale ake ananena kuti ndi "intoxicado", kutanthauza kuti wadwala ndi chinthu chimene anadya kapena kumwa. Achipatala anamva liwu la Chingelezi lofanana nalo, lonena za kuledzera, n'kuyamba kumuthandiza ngati wamwa mankhwala osokoneza bongo mopitirira muyeso. Chonsecho magazi ankatuluka mu ubongo. Pozindikira patadutsa masiku, anali atafa ziwalo manja ndi miyendo. Chipukuta misozi chake chinafika pafupifupi madola 71 miliyoni, ndipo nkhaniyi imaphunzitsidwa mpaka lero kwa omasulira a m'zipatala. Amene anagonako m'chipatala cha kunja, kumene namwino akulankhula Chizulu kapena Chipwitikizi, sangaitenge ngati nkhani ya kutali.

Makampani nawo anaphunzira kusamala. Galimoto ya Mitsubishi Pajero, yodziwika bwino m'misewu ya ku Lilongwe ndi Lusaka, inatchedwa dzina la mphaka wam'tchire wa ku South America pamene inkatuluka mu 1982, koma ku Spain ndi m'mayiko ambiri a ku America inagulitsidwa ndi dzina lakuti Montero, chifukwa "pajero" kumeneko ndi chitukwano. Komatu si nkhani iliyonse yamtunduwu imene ili yoona. Aphunzitsi a zamalonda amakonda kunena kuti Chevrolet Nova inakanika kugulitsidwa ku Latin America poti "no va" amatanthauza kuti siyenda. Galimotoyo inagulidwa bwino ku Mexico ndi ku Venezuela, ndipo kampani ya boma ya Pemex ku Mexico inkagulitsa petulo wotchedwa Nova popanda womuopa. Nkhani yokoma pakamwa imayenda mtunda wautali popanda woifunsa chiphaso.

Kukoma kumeneku ndi kumene kumabala mauthenga oyenda pa WhatsApp ndi maulaliki ena onena kuti mtundu wakutiwakuti unachokera ku Israel, ku Egypt kapena ku Japan, umboni wake mawu asanu kapena khumi omveka mofanana. Ndi njira imeneyo munthu angagwirizanitse Chichewa ndi chinenero chilichonse chimene angafune, bola akhale ndi mtanthauziramawu ndi tsiku limodzi lopanda ntchito. Ngakhale Chilatini ndi Chigiriki, zomwe zilidi pachibale, zimanyenga: "deus" ndi "theos" onse amatanthauza Mulungu, koma ali ndi mizu yosiyana. Pamene "erku" wa Chiameniya ndi "duo" wa Chilatini, osafanana ngakhale chilembo chimodzi pamalo ake, ali liwu limodzi lotanthauza ziwiri, monga anasonyezera Antoine Meillet potsata mawu ena osintha mofananamo. Wonena za ubale wa zinenero ayenera kuonetsa ndondomeko ngati ya "tatu" ndi "raro" ija m'mawu mazanamazana, makamaka a ziwalo za thupi, manambala ndi zochita za tsiku ndi tsiku, omwe sabwerekedwa msanga. Wolephera kutero akungosangalatsa anthu.

Zipangizo zogwirira ntchito imeneyi zilipo kale. Nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Tervuren ku Belgium inasonkhanitsa mizu ya mawu a Chibantu pafupifupi 10,000, ndipo ku Zomba kuli Centre for Language Studies ya University of Malawi, yomwe inatsegulidwa mu 1996. Ophunzira zinenero a ku Malawi, Zambia ndi Tete ali pamalo abwino kuposa wina aliyense, popeza ambiri amakula akulankhula zinenero zitatu kapena zinayi. Asonkhanitse mawu onyenga a pakati pa Chichewa ndi Chishona, Chiswahili, Chibemba, Chizulu ndi Chipwitikizi, alembe tanthauzo la mbali iliyonse ndi chiganizo chachitsanzo, kenako kabukuko kafike m'manja mwa anamwino, omasulira a m'makhoti, apolisi a pachipata cha Mwanza, Songwe ndi Mchinji, ndi amayi a geni okwera mabasi a ku Joni.